Dontho Limodzi pa Mkono wa a Nangozo

Lamulungu, mwezi wa Ogasiti, tili pa holide

Ndadzuka ndi mtima wopepuka lero, ndipo poyamba ndinachita nazo manyazi, chifukwa sipanapite nthawi chimwalirireni a Nangozo. Mwera unawomba mpaka malata kulira, koma ine ndagona ngati mwala. Ndikuganiza kuti chandipepuza n'chakuti tsopano ndikuidziwa yonse nkhani ya chipsera chimene chinali pa mkono wawo wamanzere. Kwa zaka zambiri ndinkadziwa mbali imodzi yokha, imene ndinaiona ndi maso anga pamsika ndili Sitandade 5. Mbali inayo wandiuza mkulu wanga Tiwonge sabata yathayi: kuti a Nangozo anadziwotcha mkono uja chifukwa cha iye ndi mwana amene anali m'mimba mwake. Ndikufuna ndilembe zonse ndisanayambe kusakaniza zimene ndinaona ndi zimene ndinamva.

A Nangozo sanali m'bale wathu. Anali namwino pa chipatala chaching'ono cha kuno ku Uliwa, ndipo kwawo kunali ku Ntcheu. Boma linawatumiza kuno ine ndisanabadwe. Ankachita lendi kanyumba ka kuseri kwa nyumba yathu, ndipo atapuma pantchito sanasamuke, ngakhale chaka chilichonse ankalengeza kuti chino ndiye chomaliza. Ankadandaula kuti dzuwa la Karonga limaphika munthu popanda nkhuni. Ankati mbatata ya kachewere yogulitsidwa kuno ndi miyala poyerekeza ndi ya kwawo. Mbalagha ankainyoza, amvekere nthochi ndi chipatso, sichoyenera kulowa mumphika umodzi ndi nyama ya ng'ombe, koma amayi anga akawapatsa ankabweza mbale yoyera, n'kufunsa ngati yatsalako. Chitumbuka chawo chinkaseketsa ngakhale ana. Azimayi a kuno anawasintha dzina n'kumawatcha nyaNgozo monga timatchulira akazi kwathu kuno. Iwo anakana kwa zaka zingapo, kenako anatopa n'kuyamba kuyankha.

Pakhonde pawo pankakhala beseni la madzi ndi sopo, ndipo aliyense wofika ankayamba wasamba m'manja, ngakhale abusa. Mawu awo anali aakulu. Akamakalipira mbuzi yathu, anthu a pa siteji ya minibasi ankamva. Koma mzimayi akabwera ndi vuto la m'thupi, a Nangozo ankakweza wayilesi yawo mpaka pamapeto, n'kukokera mpando pafupi ndi mlendoyo. Ana a m'dera lathu tinkadziwa kuti wayilesi ikakuwa choncho, masewera asamukire kutali. Mpaka lero palibe amene anganene kuti anamva chinsinsi cha munthu kuchokera pakamwa pawo.

Ntchito ya unamwino ankaigwira yonse, ya sikelo, ya mabala, ya kubereketsa, koma chimene azimayi a ku Sangilo ndi ku Uraha ankawayendera mtunda ndi njerewere zotuluka kumalo obisika. Kusukulu taphunzira kuti zimabwera ndi kachilombo kopatsirana, kotchedwa HPV. Kumudzi ambiri amazitcha mauka, ndipo amakhulupirira kuti mayi akakhala nazo mwana wake amadwaladwala. Kale kunali amayi akuluakulu odula zimenezi ndi lezala, n'kupaka phulusa la mitengo pabalapo. A Nangozo analimbana nawo amayi amenewa zaka zambiri, wina mpaka anasiya kuwalonjera. Ankakonda kunena kuti matenda alibe manyazi, manyazi ali ndi anthu, ndipo matendawo amanenepa ndi manyazi omwewo.

Mankhwala a kuchipatala anali amadzi, oderako, m'kabotolo kakang'ono. Sankapereka kwa munthu kuti akadzipake yekha. Ankayamba apaka mafuta a vaselini mozungulira kuti khungu labwino lisapse, kenako n'kudontheza mankhwalawo pa njerewere pokha ndi kamtengo ka thonje. Pakapita maola ochepa munthu ankayenera kusamba, n'kudzabweranso sabata inayo. Apa ndi pamene ankavutikira nawo anthu athu. Kuno munthu samvetsa kuti wayenda mtunda wonsewo kukalandira mankhwala, kenako akawatsuke ndi madzi. Ena ankawasiya mpaka mawa kuti agwire bwino, n'kubwera ndi mabala. Choncho a Nangozo sankamulola munthu kutuluka asanabwereze yekha mawu akuti dzuwa likafika pamutu akasamba. Ankati mankhwala oluma kwambiri si ndiwo ochiza kwambiri.

Chinthu china chimene ankanena kawirikawiri n'chakuti thupi la munthu si munda wachionetsero woyeserapo mbewu. Ankafotokoza kuti kabotolo kawo kaja anakayesa akatswiri nthawi yaitali kasanafike ku Uliwa, n'chifukwa chake mphamvu yake inkadziwika, ndipo ankadziwikanso munthu amene sayenera kupakidwa: mayi woyembekezera, chifukwa mankhwalawo amalowa m'thupi n'kuvulaza mwana. Akamva kuti kuzipatala zikuluzikulu akuyesa mafuta atsopano opaka, ankasangalala, koma mafunso awo anali omwewo nthawi zonse. Ayesa pa ndani? Anthuwo anauzidwa? Anavomera okha? Nanga amene anapsa anawathandiza bwanji? Dokotala wina wachinyamata anauza amayi anga kuti ankazemba njira akawaona a Nangozo akubwera ndi mafunso awo.

Mkangano wawo umene anthu amaukumbukabe ndi wa katemera. Chaka chimene atsikana a msinkhu wathu tinkabayidwa katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero, mkulu wa mpingo wina anauza makolo kuti katemerayo ndi wotseka mimba. A Nangozo anamudikirira panja pa tchalitchi, anthu akutuluka.

"Akulu ampingo, mwaika maliro angati a amayi otaya magazi chaka chino?"

"Imfa ndi ya Mulungu, anesi."

"Zoona. Nanga ambulera mwanyamulayo ndi ya chiyani? Mvula si ya Mulungu?"

Anthu anaseka, mkuluyo anakwiya, ndipo sanalankhulane mpaka Khirisimasi. Koma mwana wake wamkazi anaima pamzere kumbuyo kwanga tsiku la katemera.

Tsopano ndilembe za Tiwonge, monga wandiuzira mwini wake tikuchapa.

Anali atangokwatiwa kumene ku Sangilo, kwa alamu anga amene ndi msodzi, ndipo ankakhala pafupi ndi apongozi ake, anyaMsiska, amene amagulitsa usipa. Njerewere zinamutuluka, zikuyabwa, nthawi zina zikutuluka magazi. Analinso ndi mimba yake yoyamba ya miyezi yochepa. Kwathu kuno mimba yoyamba satchula. Mwini wake amakhala chete ngati sakudziwa, apongozi nawo amakhala ngati sakuona, mpaka azakhali a mwamuna atabwera kudzamulangiza. Amati ukaitchula msanga, anthu oipa mtima amaimanga, kapena imachoka. Azakhali a alamu amakhala ku Uraha, ndipo anali atanena kuti abwera akatha kukolola.

Tiwonge anapita kuchipatala mozemba. A Nangozo atamuona, anatenga kabotolo kaja, koma asanakatsegule anamufunsa kuti kumwezi anapita liti komaliza.

"Sabata yatha," anatero Tiwonge.

A Nangozo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako analoza mfundo ya pa chitenje chake.

"Wamangamo chiyani umo?"

"Palibe."

"Masula."

Munali dothi lija amakonda kudya amayi oyembekezera.

"Ndi la mnzanga."

"Mnzakoyo ali ndi mwayi, ukumunyamulira ndi chakudya chomwe. Tiyeze mkodzo?"

Tiwonge anakana, chifukwa kwa iye kuyeza kunali ngati kutchula. A Nangozo anabwezera kabotolo m'kabati n'kutseka.

"Mvera, mwanawe. Kwathu ku Ntcheu nakonso zilipo zimenezi, timati chisamba. Ine sinditchula kanthu, ndipo iwenso usatchule. Koma botolo ili sinditsegula. Ku chipatala cha pa Boma kuli njira ina yosaopsa kwa munthu wonga mnzako wadothiyo. Upite kumeneko, ndipo mwamuna wako apite nawe, nayenso amuone."

"Ndikawauza kuti chiyani apongozi? Akandifunsa chifukwa chimene mwandikanira pano?"

"Ukati nesi wa ku Ntcheu uja ndi wovuta. Aliyense akudziwa."

Tiwonge akuti analira, n'kuwafunsa mwamwano kuti ndiye ntchito yawo n'chiyani ngati munthu abwera ndi ululu n'kubwerera nawo. A Nangozo anangomupatsa sopo n'kumuuza mmene azidzisamalira.

Ulendo wa pa Boma sunatheke, chifukwa mkamwana watsopano sangokwera minibasi popanda kufotokoza. Ndipo anyaMsiska anali atadziwa kale za njerewerezo. Sanali munthu woipa. Mimba ankaiona, ndipo n'chifukwa chake ankafulumira: ankaopa kuti mdzukulu wawo woyamba adzapeza mauka n'kumadwala. Mayi wodula ndi lezala wa kudera kwawo anali atamwalira, choncho anaganiza zogula mankhwala pamsika wa Uliwa kwa bambo wina amene tonse tinkamutcha Daktari. Bamboyu ankapikula katundu kumalire a Tanzania. Patebulo pake pankakhala mankhwala a makoswe, mabatire, ufa wopatsa mphamvu abambo, ndi timabotolo topanda dzina.

Loweruka lina m'mawa, tsiku la msika, Tiwonge anasenza beseni la usipa la apongozi ake kuchokera ku Sangilo. AnyaMsiska atangoyala usipa, anapita kwa Daktari n'kubwera ndi kabotolo, n'kumunong'oneza kuti madzulo akafika kunyumba amupaka okha. Tiwonge anakanunkhiza, fungo lake linamulasa m'mphuno mpaka misozi. Ananamizira kuti akukalonjera amayi, n'kuthamangira kukhonde la a Nangozo.

"Agula. Akuti madzulo ano."

A Nangozo anakweza wayilesi. Akuti kenako anayamba kuwerenga njira zawo mokweza ngati akudzilankhulira. Akapita kwa anyaMsiska, ndiye kuti aulula kuti mkamwana anabwera kuchipatala mobisa. Akatchula mimba, aswa mwambo, ndipo mimbayo ikadzachita kanthu mlandu udzagwera Tiwonge moyo wake wonse. Akakhala chete, madzulo mankhwala osadziwika alowa pathupi la mayi woyembekezera.

"Bwerera ku usipa wako," anatero. "Ukandiona pamsika, sukundidziwa."

Kuyambira apa ndikulemba zimene ndinaona ndekha, chifukwa amayi anali atandituma anyezi.

A Nangozo anafika atavala diresi lawo la kutchalitchi, la manja aatali. Tebulo la Daktari linali moyang'anizana ndi mzere wa amayi a usipa. Anaima patsogolo pake n'kulankhula ndi mawu awo aja okalipira mbuzi.

"Bambo Daktari, ndamva muli ndi dawa ya njerewere."

"Anesi! Lero mwabwera kwa ife? Kuchipatala kwatha mankhwala?"

"Ndakalamba, ndikufuna kuphunzira zatsopano. Amapaka bwanji?"

"Dontho limodzi, mama, m'mawa ndi madzulo. Osasamba. Zonse zimathothoka, safi kabisa."

"Munayesa pa ndani?"

"Anthu ambirimbiri! Funsani kumalire konse."

"Kumalire n'kutali. Pa inu munayesa?"

"Ine matenda amenewo ndilibe."

"Tikakufunsireni kwa akazi anu?" anakuwa mayi wina wa tomato, ndipo msika wonse unaphulika ndi phwete.

"Bweretsani mkono, tidonthezepo pang'ono," anatero a Nangozo.

Daktari anabisa manja kumbuyo. "Mkono wanga ndi wa bizinesi, mama."

"Chabwino. Wanga ndi wa boma, ndipo boma lili ndi mikono yambiri."

Analipira kabotolo kamodzi, n'kupinda dzanja la diresi mpaka m'chigongono. Anatembenuza mkono, n'kuonetsa anthu mbali ya m'kati.

"Khungu la apa n'lofewa. Koma kumene bambo awa akuti muzipaka n'kofewa kuposa apa. Si choncho, azimayi?"

Anadontheza dontho limodzi, n'kukhala pa benchi ya Daktari, n'kuitanitsa mtedza wokazinga.

Poyamba panalibe chimene chinkaoneka. Daktari anayamba kumwetulira, akuuza anthu kuti aone okha, dawa yake ndi yaulemu. A Nangozo ankangotafuna mtedza, akufunsa mayi wa tomato chifukwa chimene tomato wake anali wamng'ono ngati maso a nkhuku. Kenako pamene panagwa dontho panayera ngati pathiridwa ufa. M'mbali mwake munafiira. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo, koma mtedza sanasiye. Anthu anasiya kugula. Akabaza anatsamiritsa njinga zawo n'kubwera. Khungu linayamba kutukusira, thuza likukwera tikuona.

"Anesi, sambani!" anatero mayi wina.

"A Daktari ati osasamba."

"Mama, chonde, sambani," anatero Daktari mwiniwake, mawu atasintha. "Mundipalamulitsa."

"Dontho lachiwiri ndi la madzulo, eti? Ndibwere pano kapena kunyumba kwanu?"

Ataona kuti thuza lakula, anaimirira. Anawoloka kupita ku mzere wa usipa, mkono atautambasula, n'kuyamba kumapeto. Ankaima pamaso pa mayi aliyense nthawi yofanana, osafulumira, osachedwa. Tiwonge anali atakhala kumbuyo kwa apongozi ake, nkhope atazolika. A Nangozo sanamuyang'ane n'komwe. Atafika pakati pa mzere analankhula kwa onse:

"Uwu ndi mkono wa nkhalamba, wolimba ngati chikumba cha ng'ombe. Ganizirani pa mwana wa eni ake. Ndipo ana a masiku ano sitidziwa, wina amaoneka ngati ali yekha pamene wanyamula mnzake."

Atafika pa anyaMsiska, mayiwo anayang'ana thuzalo, n'kuyang'ana pansi. A Nangozo ananyamula phazi kuti apitirire kwa wotsatira, koma anyaMsiska anawagwira dzanja.

"Zakwana, nyaNgozo. Taona. Mukufuna kufera pa usipa wanga?"

Anatenga chigubu cha madzi awo akumwa n'kuyamba kuthira pamkonopo, madzi akuyenderera mpaka m'chigongono, n'kutuma mwana kuti akatunge ena pampopi. Anathira mpaka diresi la kutchalitchi lija linanyowa lonse mbali imodzi. Ine ndinabwerera kunyumba popanda anyezi.

Tiwonge akuti atabwerera ku Sangilo apongozi ake sanachedwe. Anapita kuchimbudzi n'kutaya kabotolo kaja. M'mawa mwake anatuma munthu ku Uraha kukauza azakhali kuti zokolola zidikire, abwere sabata yomweyo. Azakhali anabwera akung'ung'udza, mwambo unachitika, mimba inatchulidwa ndi oyenera kuitchula. Kenako anyaMsiska anavala nsapato zawo n'kuperekeza okha mkamwana wawo ku chipatala cha pa Boma, mwana wawo wamwamuna akutsatira m'mbuyo ngati wopita kukhoti. Kumeneko anamuthandiza Tiwonge ndi njira ina ija. Zina zinatsala mpaka atachira, ndipo zimenezo anazimaliza a Nangozo ndi kabotolo kawo, mwana atabadwa. Zinabwereranso kamodzi, anapakanso, zinatha. Mwanayo ndi Wongani, amene chaka chamawa ayamba Sitandade 1, ndipo amathamanga kuposa anzake onse pamchenga.

Bala la a Nangozo linatenga nthawi kupola, ndipo linasiya chipsera chonga tsamba laling'ono. Akuluakulu a kuchipatala anawakalipira, ndipo iwo anavomereza kuti anayenera kukalipiridwa. Anatisonkhanitsa ana a m'dera lathu n'kutiuza kuti zimene anachita n'zopusa, kuti sankadziwa chimene chinali m'botolomo, ndipo wina akadzayerekeza kutsanzira adzamukwapula okha. Ndinawafunsa ngati zinkapweteka. Anati zinkapweteka moti mtedza uja sanaumve kukoma, ndipo ndalama yake inangopita pachabe. Chifukwa chenicheni sanatiuze, ndipo ngakhale amayi, amene ankacheza nawo tsiku lililonse, sankadziwa kuti nkhaniyo inali ya mwana wawo yemwe. Daktari anasamutsa tebulo lake kupita kumsika wina. Sindinganame kuti anasiya malonda akewo.

AnyaMsiska ndi a Nangozo anakhala mabwenzi okangana. Loweruka lililonse anyaMsiska ankabweretsa kambale ka usipa pakhonde, n'kusamba m'manja akudandaula, kenako mkangano unkayamba. AnyaMsiska sanasiye kukhulupirira kuti mauka amadwalitsa ana. A Nangozo ankati chodwalitsa ana ndi udzudzu ndi madzi akuda, ndipo neti imene boma linapereka ili kunyanja ikugwira usipa womwewo. Ankasiyana atakwiyitsana, Loweruka linalo n'kuyambiranso. Tsiku limene a Nangozo anamwalira ndi matenda a mtima, anyaMsiska anali m'gulu la amayi amene anasambitsa thupi, abale asanabwere kudzalitenga kupita nalo ku Ntcheu.

Pali chinthu chimodzi chimene a Nangozo sanamalize. Ankamuuza Tiwonge kuti njerewere zija si khansa, asaope, koma kachilombo kake kali ndi abale ake oipa amene saonetsa chizindikiro, amangokhala phee pa khomo la chiberekero zaka zambiri. Tiwonge katemera anamuphonya, chifukwa anabwera iye atakula kale. Choncho atangofika msinkhu woyezetsa khomo la chiberekero, a Nangozo anayamba kumulondalonda. Akamuona akutsika minibasi ankakuwa ali pakhonde, "Wapita kuja?" osatchula kumene akunena. Tiwonge ankayankha kuti akangomaliza kuzula chinangwa, kenako akangomaliza kumweta mpunga, kenako Wongani akachira chifuwa. Ulendo womaliza umene anawaona, ali chigonere, anamufunsanso. Iye anati sanapite. Iwo anati adikira.

Tikuchapa paja ndinamufunsa kuti nanga tsopano.

"Ndinkati akadzuka tipitire limodzi," anatero, akufinya malaya a Wongani. "Amene ali kumeneko pano ndi ana anzako, sindikuwadziwa. Ndikavule pamaso pa mwana?"

"Ndi anamwino, asisi. Anaphunzira."

"Iwe ndi Fomu 3 yakoyo. Nanga akakapeza kanthu?"

"Akachipeza msanga amachiza tsiku lomwelo. Tinaphunzira."

"Munaphunzira zambiri," anatero, n'kundiwaza madzi a sopo kumaso. Tinaseka, koma sananene kuti apita.

Masana ano nditachoka kutchalitchi ndinazungulira kuseri kwa nyumba. Adzukulu a a Nangozo anatenga katundu yense, ndipo pachitseko pali loko watsopano wa eni nyumba. Khonde ndi lalikulu kuposa mmene ndinkaganizira. Nkhuku zathu zayamba kugona pamenepo, ndipo palibe wozithamangitsa. Papaya amene anadzala pafupi ndi bafa wapsa, mbalame zamuboola mbali imodzi. Pamsomali wa pakhoma patsala kachingwe kokha. Ndili chiimire pamenepo, panafika mayi wina amene sindimudziwa, wafumbi m'miyendo, chitenje atafunda kumutu. Anaima pansi pa masitepe n'kunena odi motsitsa. Ataona loko anandiyang'ana. Ndinamuuza kuti anesi anatisiya. Anakhala kanthawi atagwira pakamwa, kenako anatembenuka kuti azipita osanena chimene anadzera. Ndinamuthamangira n'kumuuza kuti kuchipatala amaona azimayi Lolemba m'mawa, m'chipinda chakumapeto, ndipo chitseko amatseka. Anagwedeza mutu, sindikudziwa ngati kunali kuvomera.

Mayi ameneyo sindingamutsate, sindikudziwa kwawo. Koma kwa Tiwonge ndikukudziwa. Mawa ndi Lolemba. Ndidzuka kusanatenthe, ndikwera kabaza mpaka ku Sangilo, ndipo ndikayamba kulonjera anyaMsiska, chifukwa iwo akati apite, mkulu wanga sangakane. Wongani ndikamugwira dzanja ine, kuti pasakhale chonamizira. Tiwonge akakati chinangwa, ndikamuuza kuti ndikazula naye pobwera. Akakati mawa, ndikakhala pakhomo pake mpaka avale nsapato.